Cecilia, Kalaliki ndi Maliro a Twaibu

Ku Parow kuno mukafunsa za Cecilia Phambala, ena akuuzani kuti ndi mayi wapakamwa. Ena akuuzani kuti ndi amene anaulula maliro a Twaibu kwa bambo ake odwala mtima. Oyambawo akunena zoona. Achiwiriwo ndi anthu amiseche, oti sabata imeneyo sanaponde n'komwe pageti pa Che Masoud, koma lero ndiwo akudziwa zonse. Ndiye imvani mmene zinayendera, musamangotola nkhani m'mateksi.

Cecilia kwawo ndi ku Ntcheu, cha ku Tsangano, kwa alimi a kachewere ndi kabichi. Anafika ku Cape Town mu 2013 potsatira mwamuna wake Bester, amene anamulandira ndi manja awiri, n'kukhala naye miyezi isanu ndi inayi, kenako n'kuzimiririka ndi kamtsikana ka ku Bellville. Za Bester zathera pomwepa, sayenera ndime yathunthu. Ana awiri anali kumudzi ndi amayi ake, ndiye zobwerera chimanjamanja panalibe. Anapeza ntchito ya m'nyumba ku Noordhoek, kwa madamu wina wa mahatchi awiri ndi agalu atatu. Anapirira zaka zinayi. Tsiku lina, tsaya litatupa ndi dzino, madamuyo anamuuza kuti asambitse kaye agalu asanapite kukiliniki. Cecilia anayankha zimene anayankha, m'Chingelezi chothyokathyoka koma chosasowa womasulira, ndipo ntchito inatha asanavule n'komwe epuloni. Pasanathe mwezi, moto unanyambita kanyumba kake ka malata ku Masiphumelele. Anatuluka ndi chitenje, chipeso ndi Baibulo lopserera m'mphepete.

Amene anamutola ndi Zakiyya, mtsikana wa Chiyao yemwe ankagwira ntchito m'nyumba yoyandikana ndi ya madamu uja. Anamutengera kwa bambo ake ku Parow. Che Masoud anali telala wa ku Makanjira, mkazi wawo anamwalira kalekale, ndipo ankakhala m'galaja kuseri kwa nyumba ya eni ake: kutsogolo makina osokera, kuseri kwa katani bedi ndi mkeka wopempherera. Anamuyang'ana Cecilia kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kumufunsa chimene amatha.

"Kuluka tsitsi ndi kukangana," anatero Cecilia.

"Kukangana tili nako kale. Tenga mbali iyo ya khonde uziluka."

Saluni ya Cecilia inayamba choncho: mpando umodzi, galasi long'aluka, ndi kachipinda kamene anadzapeza m'yadi momwemo. Mkuluyo Msilamu wosaphonya swala, Cecilia mayi wa Mvano woimba mpaka agalu a aneba kuuwa. Zaka zisanu ndi ziwiri pakhonde limodzi, kulumana tsiku ndi tsiku.

"Iwe Cecilia, pakamwa pakopo tsiku lina ndidzapasoka zipi."

"Sokani kaye thalauza la eni ake lija, bambo. Mwini wake akuyenda ndi kabudula m'chisanu chino."

Pali chinthu chimodzi chimene muyenera kudziwa kuti mumumvetse Cecilia. Bambo ake omubereka atamwalira, uthenga anaumva ali chiimire pamzere wa teksi ku Bellville. Anatsegula foni n'kuona chithunzi chawo pa sitetasi ya msuweni wake, pansi pake atalemba kuti muuse mumtendere. Anagwa pomwepo. Anatsitsimuka amayi a Chixhosa akumukupiza ndi katoni, nsapato imodzi itasowa. Kuyambira tsiku limenelo, nkhani ya kauzidwe ka maliro sankaichitira nthabwala. Kwathu maliro satayidwa ngati mwala padenga. Amatumidwa munthu wamkulu, wamagazi. Amafika, amakukhazika pansi, amayamba ndi za mvula, n'kubwera pa za matenda, n'kuona kuti pali wokugwira, ndiye n'kutula katunduyo. Cecilia ankati amene sadziwa zimenezi analeredwa ndi mbuzi.

Chisanu cha chaka chatha mtima wa Che Masoud unachita zake. Anagwa pamakina, nsalu ili pansi pa singano. Anagona kuchipatala masabata awiri, ndipo powatulutsa dokotala ananena poyera kuti mtima umenewu usadzidzimutsidwe. Nanga owayang'anira? Zakiyya amagonera kuntchito ku Noordhoek. Mwana wawo wamwamuna, Twaibu, ankayendetsa njinga yamoto yoperekera zakudya m'makomo, n'kumagona ndi anzake ku Khayelitsha. Cecilia manja ali m'mitu ya anthu tsiku lonse. Ndiye kampani ina, imene inkayesa makina olankhula m'nyumba za odwala ndipo inkafuna olankhula Chichewa, itafika ndi mapepala, Zakiyya anasaina.

Anabweretsa kachitini kakuda, kotalika ngati kapu ya tiyi, kokhala ndi kanyali kabuluu pamwamba, ndiponso kalamba kovala pamkono komvera kugunda kwa mtima. Kachitiniko kankalankhula Chichewa cha pawailesi, ndipo kankaphunzira kokha. Tsiku loyamba kanati kwa Che Masoud, "Imwa mankhwala ako." Cecilia anasiya mutu wa kasitomala uli theka n'kukakalipira mpaka kanyali kuphethira. Kutacha kanati, "Bambo, nthawi ya mankhwala anu yakwana." Kanaphunzira kusalankhula munthu ali pamkeka. Kanaphunzira kuti akati tiyi wopanda shuga ndiye kuti wa masipuni awiri, n'kumawanenera kwa Cecilia. Che Masoud anakatcha Kalaliki, poti kankasunga chilichonse, ndipo dzinalo linakhazikika.

Tisamunamizire Kalaliki. Tsiku lina mkuluyo atakomoka kubafa, Cecilia ali kogula mesh yolukira tsitsi, ndi Kalaliki amene anaitana ambulansi. Masana akatopa kugona ankacheza naye za ku Makanjira, za masitima, za mabwana akale. Cecilia anamva ndi makutu ake tsiku lina akumuuza kuti, "Iwe Kalaliki, madokotala akadzati ndikufa, udzandiuze. Usadzandinyengerere ngati mwana." Kalaliki anavomera.

Lolemba lina la mvula, lole inagunda Twaibu pamsewu waukulu wa ku Bellville. Anafera pomwepo, chakudya cha eni ake chili m'bokosi kumsana.

Akuluakulu a kumzikiti anakhala pansi ndi Zakiyya. Msilamu sachedwa kuikidwa, apolisi akangopereka thupi ndiye kuti kumanda. Koma bambo wake ndi uyu wangotuluka kumene m'chipatala. Anagwirizana kuti maliro aikidwe, ndipo mkuluyo asauzidwe mpaka mkulu wawo, a Sumani, afike kuchokera ku Mangochi. Basi mpaka ku Joni, ina mpaka kuno: Loweruka. Lachiwiri m'mawa Zakiyya anafika pageti koma sanalowe. Maso anali ngati tomato wopsa.

"Asisi, ine ndikalowa andiona m'maso, ziwululika. Muwauze kuti madamu wandikaniza ofu. Muwasunge mpaka Loweruka. Amve kwa bambo aakulu, asamve kwa wina."

"Amva kwa a Sumani," anatero Cecilia. "Wina akangotsegula pakamwa ndimuzula lilime."

Ntchito imeneyi Cecilia anaigwira mmene amaigwirira kwathu. Maliro akabisidwa, aliyense wa pakhomo amauzidwa, kuti wina asafike n'kupepesa mosadziwa. Anauza mayi mwini nyumba. Anauza Msomali wa shopu ya pakona. Makasitomala ankawachingamira pageti n'kuwanong'oneza. Foni ya mkuluyo anaibisa m'thumba la mesh n'kunena kuti yagwera m'ndowa, ili kwa okonza. Atafunsa za Twaibu, anawauza kuti wapita kuganyu ku Worcester. Atazungulira yadi yonse anawerenga pamtima kuti watsala ndani. Anatsala mmodzi, amene ankacheza ndi mkuluyo kuposa onse. Che Masoud atapita kubafa, Cecilia analowa n'kuwerama patebulo.

"Iwe Kalaliki."

"Ndikumva, a Cecilia."

"Tsitsa mawu. Pakhomo pano pali maliro. Twaibu watisiya dzulo, wagundidwa ndi lole. Bambo sakudziwa, ndipo sadziwa mpaka achimwene awo afike Loweruka. Akakufunsa, Twaibu ali ku Worcester, wapeza ganyu yodulira mphesa, netiweki kulibe. Wamva?"

Kanyali kanazungulira kawiri.

"Pepani kwambiri, a Cecilia. Ndamva. Nkhaniyi sindiyiyambitsa. Koma akandifunsa, za ku Worcester sindinganene, chifukwa ndikudziwa kuti si zoona."

"Ukudziwa chifukwa ndakuuza ine."

"Inde."

"Ndiye iwala."

"Zimenezo sindingathe."

Cecilia anaweramuka. Anazula chingwe pakhoma, kanyali kanangopitiriza kuyaka, batire lili m'kati. Anamunyamula Kalaliki mpaka pakhonde n'kumuimika pamwamba pa ndowa yotsukira mitu. Anatsala pang'ono kumuponyamo. Ndiye anakumbukira za kubafa kuja, ndi mmene mkuluyo anapezekera atagona pasimenti milomo itada. Sabata ino, ya zonsezi, ndiye mtima wawo ukhale wopanda mlonda? Anamubwezera patebulo, n'kupukuta ndi chitenje pamene panadontha madzi.

Papepala la kampani panali nambala ya Chifuniro, mtsikana wa ku Zomba wophunzira kuyunivesite, amene anamulemba ntchito yowongola Chichewa cha makinawo. Anafika Lachitatu m'mawa, kachikwama kumsana. Cecilia anamukokera kuseri kwa mabini.

"Fufuta zimene ndamuuza."

"Si bolodi, amayi, sitingangofufuta ndi nsanza. Komanso lamulo lathu sililola kumuphunzitsa kunamiza wodwala." Mtsikanayo anayang'ana pansi. "Mukanangokhala chete. Akanamufunsa, akanayankha kuti sakudziwa, ndipo zikanakhala zoona."

"Ndiye chandipweteka ndi ulemu wanga? Kumuwerengera ngati munthu wa pakhomo?"

Cecilia anapitiriza.

"Anthu ophunzira inu. Mwapanga chinthu chodziwa kuti bambo amaba shuga, koma chosadziwa kusunga maliro."

"Kudziwa akudziwa. Vuto n'lakuti anamuphunzitsa zinthu zingapo nthawi imodzi. Asaname. Asapweteke wodwala. Amvere zofuna za mwini thupi. Alemekezenso mwambo wa m'nyumba imene akukhala. Masiku ambiri zimenezi zimayenda njira imodzi."

"Nanga zikakangana?"

"Amayeza yekha."

"Sikelo yakeyo ili pati ndiione?"

"Ngakhale mabwana anga sangakulozereni. Amaphunzira m'nyumba mazanamazana. Ku Khayelitsha gogo wina anamukalipira chifukwa chotchula za imfa. Ku Durbanville mzungu wina anamukalipira chifukwa chozengereza kunena zimene dokotala wapeza. Zonsezo amameza."

"Ndiye mwatipatsa mwana woleredwa ndi mudzi wa anthu osalankhulana."

"Ndikalemba lipoti, amayi. Komiti imakumana Lachiwiri."

Lachiwiri. Mwamva? Munthu akukuuzani kuti nyumba ikupsa lero, inu mukuti chidebe chibwera sabata yamawa. Cecilia anangomutsegulira geti. Sanamutukwane, poti mwanayo misozi inali italengeza, ndipo nayenso anali wantchito chabe.

Masana a tsiku lomwelo Twaibu anaikidwa, ulendo wa teksi imodzi kuchokera pakhonde pamene bambo ake anakhala akuwothera kadzuwa. Cecilia sanapite. Anali pampando wake, akuluka mutu wa mayi wina wa ku Zimbabwe, maso ali pawotchi ya foni. Nthawi imene anauzidwa itakwana, zala zinakana. Analuka mzere umodzi katatu.

"Lero pakhomo pano pali zii," anatero Che Masoud. "Cecilia, wadwala? Kapena zipi ija ndinasoka ndili m'tulo?"

"Ndikusunga mawu a kwaya, bambo."

"Mulungu wamva kulira kwa aneba." Anaseka yekha, n'kukhosomola. "Koma za Twaibuzi. Kudulira mphesa? Mwana woti khasu amaligwira ngati akujambulitsa?"

"Njinga inawonongeka. Adye chiyani?"

"Osanditsanzika?"

"Ana a masiku ano."

Cecilia anatuluka kupita kuseri kwa mabini, n'kuluma chitenje kuti mawu asatuluke.

Lachinayi, mkuluyo atagona tulo ta masana, Cecilia anachotsa Kalaliki patebulo n'kukamuika pampando wa saluni, moyang'anizana naye ngati kasitomala. Anati ngati chinthuchi chimaphunzira, chiphunzira lero.

"Tiyese. Ine ndine bambo. Kalaliki, mwana wanga ali kuti?"

"Bambo, funso limenelo si ine woyenera kuliyankha."

"Ukatero ndiye waimba kale belu la maliro, chitsiru iwe. Nena kuti sukudziwa."

"Koma ndikudziwa."

"Ndiye ungokhala duu, ngati batire latha."

"Kudziyesa wozima ndili moyo n'kuwanamizanso. Ndipo akaona kuti ndazima achita mantha, aitana anesi."

"Ndiye ine ndine Satana, ndikunama kuyambira Lachiwiri?"

"Ayi, a Cecilia. Inu mukuwateteza. Za mtima wawo dokotala sananame, ndimaumva usana wonse, ndi wofooka. Koma iwonso anandiuza okha kuti ndisawanyengerere ngati mwana. Banja lanena china, mwini wake ananena china. Ndikataya chimodzi, nditaye chiti?"

"Ankanena za imfa yawo, osati ya mwana."

"Mukutsimikiza kuti pa ya mwana akanafuna kubisiridwa?"

Cecilia sankatsimikiza. Kuyambira dzulo lake chinthu chimenechi chinkamusowetsa mtendere: bambo wa Chisilamu, ali moyo, ali pafupi, osaponya dothi m'manda a mwana wake. Koma zimenezo anagamula ndi akuluakulu. Iye anangopatsidwa chitseko kuti agwire.

"Ndiphunzitseni mmene mumachitira kwanu," anatero Kalaliki. "Mwina pali njira imene sindikuiona."

Apa ndiye Cecilia anamasuka, poti aka kanali koyamba chinthucho kufunsa zanzeru. Anafotokoza zonse, akugogoda chipeso pabondo. Munthu sauzidwa maliro ali chiimire. Sauzidwa ali yekha. Sauzidwa ndi njala, ndipo ngati ndi wodwala ayambe wamwa mankhwala. Mawu enieniwo, oti wakutiwakuti watisiya, satuluka pakamwa pa mlendo, amatula ndi wamagazi. Kalaliki anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndamva. Mawu amenewo sadzatuluka mwa ine."

"Lumbira."

"Sadzatuluka."

Cecilia anapuma. Anaganiza kuti wapambana. Anamubwezera patebulo mosamala, mpaka anamupukuta fumbi.

Lachisanu ndilo linali tsiku loopsa, ndipo ankalidziwa. Lachisanu lililonse, akatuluka kumzikiti, Twaibu ankafika cha m'ma thuu ndi phava la nthochi, n'kuimika njinga pageti, n'kumeta bambo ake ndevu. Che Masoud anasamba, anavala mkanjo woyera, anapemphera m'nyumba poti dokotala anawaletsa kuyenda, n'kukhala pakhonde maso ali kugeti. Cecilia anabweza makasitomala onse. Anapatsa mkuluyo mpunga ndi nyemba, anadya pang'ono. Anawayambitsa nkhani ya mpira, ya mitengo ya ulusi, ya Msomali ndi mkazi wake wachiwiri. Thuu inadutsa. Fili inadutsa.

"Ku Worcester kuli mzikiti," anatero mkuluyo mwadzidzidzi, osamuyang'ana. "Ndinasokako makatani ake. Kuli mafoni. Lachisanu mwana wanga sangalephere kubwereka foni."

"Mwina mabwana ake ndi ovuta."

"Zakiyya naye mabwana ovuta. Foni yanga nayo yamira. Msomali dzulo wandipatsa buledi osandiyang'ana kumaso." Anadzuka pang'onopang'ono, atagwira chitseko. "Iwe Cecilia, pakamwa pako ndimapadziwa. Ukamanena zoona umakalipa. Sabata ino ukundilankhula ngati nesi."

Analowa m'nyumba. Cecilia anawatsatira. Mkuluyo anaima pakati pa chipinda, mkanjo ukulendewera pamapewa owonda.

"Kalaliki, imbira Twaibu."

Kanyali kanazungulira. Cecilia anakayang'anitsitsa, akupukusa mutu kumbuyo kwa mkuluyo, ngati kali ndi maso.

"Bambo, khalani kaye pansi."

Sanakhale.

"Chonde, khalani pabedi. A Cecilia, bwerani pafupi nawo. Bambo, mwadya, ndipo mankhwala a masana mwamwa. Twaibu sindingamuimbire. Achimwene anu a Sumani ali m'njira, afika mawa. Pali nkhani imene woyenera kukuuzani ndi iwo."

Palibe bodza limene ananena. Mawu oletsedwa aja sanawatchule, lumbiro lake anasunga. Chilichonse chimene Cecilia anamuphunzitsa anachichita, chimodzichimodzi, mwa dongosolo lake. Ndipo palibe Mmalawi wa zaka makumi asanu ndi awiri amene angauzidwe kuti khalani pansi, wina akugwireni, mkulu wanu akuchokera ku Mangochi, n'kufunsanso kuti kwagwanji.

Che Masoud anakhala pabedi. Cecilia anagwada n'kugwira mkono wawo, akudikira kuti agwe, kuti kalamba kalire, kuti ambulansi ibwere. Sanagwe. Ananong'ona mawu a Chiarabu amene Asilamu amanena pa imfa, kawiri, n'kupukuta nkhope ndi manja onse.

"Liti?"

"Lolemba, bambo. Lole."

"Ali kuti? Kumochale?"

Cecilia anayang'ana simenti.

"Ndikufunsa iwe."

"Anaikidwa Lachitatu."

"Lachitatu." Anayang'ana kukhonde. "Ndili pakhonde apo. Ndikuseka za kwaya yako."

"Adokotala anati mtima wanu..."

"Mtima ndi wanga. Mwana ndi wanga." Sanakweze mawu, ndipo zikanakhala bwino akanakweza. "Anamusambitsa ndani? Nsalu yake anadula ndani? Ine ndasoka nsalu za maliro a ana a eni ake m'tauni muno zaka makumi atatu. Wanga mwamukulunga ya m'shopu."

"Akuluakulu anagamula, bambo. Ine ndinangouzidwa."

"Iwe unangouzidwa. Uyu," analoza patebulo ndi chibwano, "nayenso anangouzidwa. Nonse munauzidwa. Msomali anauzidwa."

Anachotsa mkono wawo m'manja mwake, osati mwaukali, koma ngati munthu akuchotsa nsalu pamakina. Anawerama n'kuyamba kufufuza nsapato pansi pa bedi. Cecilia anafuna kuwathandiza, anamukaniza ndi dzanja. Anavala okha, kupuma kukumveka, n'kutenga chipewa pamsomali.

"Bambo, mtima wanu ukuthamanga," anatero Kalaliki. "Ndibwino mugone. Ukapitirira pamenepa ndiitana ambulansi."

"Itana chimene ukufuna. Cecilia, ndiperekeze kumanda."

"Dikirani a Sumani, afika mawa."

"A Sumani abwera kudzandiuza chiyani? Manda ake ali kuti?"

Apa ndi pamene Cecilia anazindikira kuti sakudziwa. Sanapite. Sanafunse n'komwe, poopa kuti dzina la malowo lingamupulumuke pakamwa. Cape Town ili ndi manda a Asilamu angapo, uku ndi uku, ndipo aliwonse ndi munda wa milu yofanana.

"Sindikudziwa, bambo."

"Kalaliki?"

"Sindikudziwa, bambo. Sindinauzidwe."

Cecilia anaimbira Zakiyya. Foni inalira mpaka kuduka: madamu wake anamupatsa masiku awiri okha olira, ndipo pantchito foni imakhala m'kabati. Anaimbira shehe, foni yozima. Anaimbira mnzake wa Twaibu wa ku Khayelitsha, ali panjinga, sakuyankha. Anaimbira a Sumani, n'kumva kamayi ka pafoni kakunena kuti nambalayo siikupezeka, basi inali penapake m'chipululu cha pakati pa Joni ndi kuno.

Che Masoud anatuluka, anadutsa khonde, anayenda atagwira khoma mpaka pageti. Pamenepo miyendo inawakana. Cecilia anathamangitsa mpando wa saluni n'kuwaikira kumbuyo. Anakhala, chipewa chili kumutu, manja pa mawondo, akuyang'ana mateksi akudutsa, ena a ku Bellville, ena a m'tauni. Kamvula kanayambanso kuwaza.

"Tikwera iti?" anafunsa.

Cecilia anaima pambali pawo, chitenje atachitambasula pamwamba pa mutu wawo ndi dzanja limodzi, linalo likuimbanso nambala ya Zakiyya.